Ziwiri ndi Ziwiri za Mayi Zala

Munali m'chaka cha 1984, nyengo yozizira itangoyamba, pamene mtsikana wina wamtali, atavala juzi yobwereka kwa mayi ake, anakwera masitepe a sukulu yophunzitsa kutayipa. Linali Lolemba, pa 4 Juni. Sukuluyo inali chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa shopu ya utoto ndi misomali, ndipo fungo la utoto linkakwera masitepewo limodzi ndi ophunzira. Mwini sukulu, amene aliyense ankangowatcha Bwana Wamkulu, sanamufunse zambiri. Anamukhazika pa makina, n'kumuikira tsamba la nyuzipepala pambali, n'kumufunditsa kansalu pamanja kuti asaone mabatani. Atamaliza, bwanayo anapita nalo pepala lija pawindo, n'kuliunika ngati munthu wosaka nsabwe m'msoko wa malaya. Sanapeze cholakwa ngakhale chimodzi.

"Mwayamba kuphunzitsa lero," anatero.

Ophunzira ndiwo anamupatsa dzina loti Mayi Zala, asanakwatiwe n'komwe, ndipo dzinalo linakula naye mpaka lenileni linaiwalika.

Malamulo a Mayi Zala anali awiri. Loyamba linali loti mlembi sawerenga zimene akutayipa. "Diso litenge chilembo, lipatsire chala," ankatero akuyendayenda pakati pa matebulo. "Mutu usalowererepo. Kalata ya bwana wako si yako. Ukayamba kumva nkhani yake, zala zimachedwa, pakamwanso pamayamba kuyabwa." Lachiwiri linali loti pepala lolakwika salikonza. Kabotolo ka utoto woyera wofufutira sankafuna kukaona m'chipindamo. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, ngakhale pamzere womaliza, unkasolola pepalalo, kulifinya, kuliponya m'dengu lalikulu limene linkakhala pafupi ndi tebulo lawo, n'kuyambiranso pamwamba. Atsikana ambiri analirira pa dengu limenelo. Koma akapita kukafuna ntchito, kungonena kuti anadutsa m'manja mwa Mayi Zala kunali kokwanira. Pakati pa onse amene anaphunzira pamenepo, panalibe amene akanaimirira n'kunena kuti anaonapo pepala la Mayi Zala eniake likulowa m'dengumo. Dzina lawo linali limenelo, ndipo china chonyadira analibe.

Amuna awo anamwalira pa 19 Ogasiti 2003. Chaka chomwecho mng'ono wawo, amene anali atangosiya ntchito yophika pachipatala, anabwera kudzakhala nawo. Anali munthu wa pakamwa posatseka, woseka ndi pamaliro pomwe, ndipo ndi yekhayo padziko amene ankalimba mtima kuwaseka a Zala pamaso.

Makompyuta atalowa m'malo mwa makina akale, Mayi Zala sanatekeseke. Mabatani anali pomwe analili kale, zala zinkadziwa njira. Chimene anasintha n'choti m'malo mosolola pepala, wolakwitsa ankafufuta tsamba lonse. Dengu lija linangotsala pamalo pake, lopanda kanthu.

Bwana Wamkulu atamwalira, sukulu inatsala m'manja mwa mwana wawo, Bwana Wamng'ono, amene Mayi Zala anamupukutapo mamina ali kamwana kokwawa pansi pa matebulo omwewo. Pa 9 Januwale 2017 bwanayu anawaitanira pakhonde, atanyamula buku lachikuto chobiriwira.

"Mayi, masiku ano anthu sakubweranso kudzangophunzira kutayipa. Akufuna chiyambi cha kulemba mapulogalamu, kuilamula kompyuta kuti ichite zinthu. Ndalembetsa kale anthu. Buku ndi ili, ndi la oyamba kumene: za manambala, za zilembo, tizinthu ting'onoting'ono. Kwa inu n'kutayipa basi. Mukhoza, eti?"

Mawu oti "sindidziwa" anafika pakhosi. Koma kuwanena kwa mwana amene unamuona akudya choko? Mayi Zala analandira bukulo ndi manja awiri.

"Ngati zili zolembedwa, bwana, tizitayipa."

Masabata oyamba zinthu zinayenda ngati zoona. Ntchito zoyamba m'bukumo zinali ndi mayankho ake osindikizidwa pansi. Panali pulogalamu yofunsa munthu dzina n'kumupatsa moni, ina yowerenga kuchuluka kwa zilembo m'mawu, ina yotembenuza mawu kuti ayambire kumapeto. Mayi Zala ankatayipa chimodzimodzi monga zinalembedwera, osaphonya kadontho, ndipo kompyuta inkamvera. M'kalasi ankaphunzitsa monga ankaphunzitsira kalata: maso pabuku, msana chilili, tiyeni. Zilembo zofiira zikatuluka pa sikirini ya wina, kusonyeza kuti pali cholakwika, sankalola kuti aziwerenge. "Mukuyang'ana chiyani? Fufutani zonse, muyambirenso." Wophunzirayo akayambiranso mosamala, zinkathekadi, ndipo Mayi Zala ankapuma mpweya wabwino. Masamba ofotokozera, aja a mawu ambirimbiri pakati pa ntchito ndi ntchito, ankawagwiritsa ntchito yoyesera liwiro la zala kumayambiriro kwa phunziro.

Mu Febuluwale anafika pa ntchito yoyamba yopanda yankho. Inkati: lembani pulogalamu yofunsa munthu manambala awiri, n'kumuuza akaphatikizidwa. Ophunzira atatuluka masana, Mayi Zala anakhala pa kompyuta yawo. Anatenga mzere wofunsira dzina uja, n'kuusintha kuti uzifunsa nambala, kawiri, n'kuika chizindikiro chophatikizira pakati. Kompyuta inafunsa nambala yoyamba. Analemba 2. Inafunsa yachiwiri. Analembanso 2.

Inayankha kuti 22.

Panalibe chofiira chilichonse. Anafufuta zonse, n'kuyambiranso pang'onopang'ono ngati mwana wa tsiku loyamba. 22. Anayesa 5 ndi 3, inati 53. Anacheukira kukhomo ngati munthu amene chitenje chamumasukira pamsewu, n'kuzimitsa kompyutayo.

Kunyumba analakwitsa n'kumuuza mng'ono wawo, amene anali pakati pokazinga mazira.

"Ziwiri ndi ziwiri yati zingati? Achemwali, mawa mubwere nayo kuno! Ndiika mazira awiri uku, awiri uku, tidyetsa msewu wonse."

"Iwe, sizoseketsa."

"Nanga bwanji osakamufunsa mwana uja wakupatsani bukuyo?"

"Ndikamufunse kuti chiyani? Kuti ziwiri ndi ziwiri n'zingati? Ine?"

"Ndiye khalani nayoni 22 yanuyo. Mbale yanu iyo."

M'mawa mwake Mayi Zala anauza kalasi kuti ntchito imeneyo aidumpha, chifukwa ndi yophweka kwambiri.

M'kalasimo munali mayi wina wa zaka za m'ma 40, wamkulu kwa onse, amene ankadziwika kuti Amake Mapasa. Ankasita zovala pa shopu yochapira imene inali tsidya lina la msewu, ndipo anagwirizana ndi abwana ake kuti azichoka m'mawa kukaphunzira, n'kudzabweza nthawiyo madzulo. Sukulu anailekera panjira ali mtsikana. Mapasa ake, amene tsopano anali kusekondale, ankamulanda foni m'manja akamachedwa kupeza batani, ndipo iye analumbira kuti tsiku lina adzawaonetsa. Zala zake zinali zonenepa, zokhala ndi zipsera za simbi, koma ankafika woyamba, n'kupukuta tebulo lake ndi mpango asanakhale. Ntchito yotembenuza mawu ija itamuthekera, anaitanira kalasi yonse kuti idzaone dzina lake litayambira kumapeto, akuseka mpaka misozi.

Mayi ameneyu sankafuna kudumpha kanthu. Lolemba pa 6 Malichi, anzake ali pa ntchito ina, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepani. Ija munati ndi yophwekayi ndinati ndiiyese. Tadzaonani, mwina ndi maso angawa."

Mayi Zala anadziwa asanafike n'komwe. Anaima kumbuyo kwake, n'kuona mizere itatu yofanana ndendende ndi yawo ija, ndi 22 pansi pake. Ophunzira ena anali atasiya kutayipa, makosi atasolola. M'chipindamo munangoti zii, kumangomveka wa shopu ya pansi akukhuthula misomali pasikelo. Akanatha kunena kuti, "Nanenso imandichita chomwecho." Anali mawu atatu okha. Koma maso onse aja anali pa iwo, ndipo dengu lija linali poteropo.

"Ndi zala zanu, mayi," anatero. "Mwalakwitsa penapake. Fufutani zonse, muyambirenso."

"Palibe chofiiratu, aphunzitsi."

"Ndati muyambirenso."

Anayambiranso. Inatuluka 22. Wina kumbuyo anati, "Amake Mapasa, kunyumba mwazolowera kuti chilichonse chimabwera pawiri," ndipo kalasi yonse inafa nako kuseka. Nayenso anaseka nawo pang'ono, thukuta lili kamukamu pamphumi. Sabata yonseyo anzake ankapita patsogolo, iye ali pa mizere itatu yomweyo: kutayipa, kuona 22, kufufuta. Pofika Lachisanu dzina la Amake Mapasa linali litafa, aliyense akumutcha Mayi Twente-thu, mpaka wogulitsa utoto pansi paja. Mayi Zala ankamva zonsezo, nkhope ili gwa, osaletsa. Lachiwiri pa 14 Malichi mayiyo anapukuta tebulo lake, anakhala phunziro lonse manja ali pamiyendo, ndipo sanabwerenso.

Kuyambira pamenepo Mayi Zala anasiya kudutsa kutsogolo kwa shopu yochapira. Ankazungulira kumbuyo kwa malo okwerera basi, njira yamatope, n'kumafika kusukulu nsapato zili zonyansa. Tsiku lina anangokumanizana ndi Amake Mapasa maso ndi maso pakhomo la shopu ya utoto, atanyamula mulu wa malaya osita. Mayiyo anapinda maondo mwaulemu.

"Aphunzitsi, musandione ngati wothawa. Inu munayesetsa, Mulungu akudziwa. Koma mutu wangawu ndi wouma. Ana anga ananena kale kuti amayi, zimenezi si zanu."

Mayi Zala anatsegula pakamwa, n'kutulukamo mawu oti, "Ana ali bwanji?"

Usana umenewo anakhala m'chimbudzi cha sukulu nthawi yaitali, atatsegula mpopi kuti asamveke.

Pa 11 Epulo, mvula itanyowetsa masitepe, anaterereka n'kugwera dzanja lamanja. Kuchipatala anawamanga chikhakha kuyambira m'zala mpaka pachigongono, ndipo Bwana Wamng'ono anawapatsa tchuthi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire utsikana wawo, zala zinalibe chochita. Ankakhala pakhonde la kuseri, dzanja lili pa pilo, mng'ono wawo akuwadulira nyama ngati khanda.

"Mwaona, achemwali? Zala zapita pa penshoni zisanakuuzeni."

Pofuna kuthawa pakamwa pamenepo, anatsegula buku lobiriwira lija. Kutayipa sakanatha, choncho anayamba kungowerenga, monga amawerengera anthu ena onse. Anayambira tsamba loyamba. Zinkawavuta, chifukwa diso linkathamangira kutola zilembo n'kusiya nkhani m'mbuyo, moti ankachita kutchula mawu mokweza kuti amve. Tsiku lachitatu anafika pa ndime ina imene inali tsamba limodzi chabe usanafike pa ntchito yophatikiza ija.

Ndimeyo inkafotokoza kuti chilichonse chimene munthu walemba poyankha funso, kompyuta imachilandira ngati zilembo zotungidwa pa chingwe, monga mikanda. Ngakhale alembe 2, kwa iyo ndi chilembo chabe, chimodzimodzi ndi b kapena m. Ukaiuza kuti iphatikize zingwe ziwiri, imangozilumikiza kuti chikhale chingwe chimodzi chachitali. Kuti iwerengere, uyenera kuyamba waiuza kuti isandutse chilembocho kukhala nambala, ndipo mawu ouzira zimenezo anali pomwepo, kachinthu kakafupi kotsekera m'mikutiramawu.

Anawerenganso. Kenako anazindikira kuti ndimeyo ankaidziwa. Zala za kumanzere zinali zitayamba kale kugunda pa pilo, zikutsata mawuwo pamtima. Inali ndime imene anaisankha yoyesera liwiro mu Febuluwale, chifukwa inali ndi zilembo zosakanikirana bwino. Anaitayipa okha pamaso pa kalasi, osalakwitsa. Kalasi yonse inaitayipa m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu. Amake Mapasa anaitayipa, maso pabuku, mutu osalowererapo, monga anaphunzitsidwira, ndipo sabata imeneyo Mayi Zala anamuyamikira.

Mng'ono wawo anawapeza ataphimba nkhope ndi bukulo.

"Dzanja likuwawa?"

"Ayi."

"Nanga?"

Anamufotokozera zonse, za mayi uja zomwe, zimene anali asanazitchulepo. Ulendo uno mng'onoyo sanaseke. Anakhala pansi, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Ndiye munthu wa eni ake akuyenda m'tauni muno akudziyesa chitsiru."

"Ndikudziwa."

"Kudziwa kokha, achemwali, malaya sasitika."

Atabwerera kuntchito, chikhakha chikadali padzanja, Mayi Zala anawoloka msewu n'kulowa m'shopu yochapira. Munali nthunzi ndi fungo la sopo. Amake Mapasa anaimika simbi, n'kuyamba kuwapepesa za dzanjalo.

"Ndabwera kudzakupemphani kuti mawa mufike kusukulu," anatero Mayi Zala. "Phunziro limodzi lokha."

"Aa, aphunzitsi, akandisekenso ana aja? Nthawi yam'mawa ija ndinabweza kale kwa abwana."

"Sakakusekani inu. Chonde."

Mawu oti chonde anali asanamvekepo pakamwa pamenepo, ndipo mwina n'chifukwa chake mayiyo anavomera.

Lachitatu pa 10 Meyi anabweradi, atavala yunifolomu ya kuntchito, n'kuima pafupi ndi chitseko osafuna kukhala. Mayi Zala anapempha awiri kuti atembenuze sikirini ya patebulo pawo iyang'ane kalasi, n'kuuza onse kuti asendere pafupi. Bwana Wamng'ono, atamva matebulo akukokedwa, anasuzumira n'kutsamira pakhomo.

Anayamba kutayipa ndi chala chimodzi cha kumanzere, maso ali pa mabatani, akusakasaka chilembo chilichonse. Chinthu chimenechi anali atamenyera anthu rula pa zala kwa zaka makumi atatu ndi kupitirira. Wina anatsala pang'ono kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Mizere itatu ija itatha, analemba 2, kenako 2.

Inatuluka 22, yaikulu bwino, aliyense akuona.

"Iyi ndi yanga," anatero. "Inayamba kunditulukira mu Febuluwale, mayi awa asanaiyese n'komwe. N'chifukwa chake ndinati tiidumphe. Sindinkadziwa chochita."

Anafotokoza za zingwe ndi mikanda, za chilembo ndi nambala, n'kuwauza kuti atsegule ndime ija ankayesera liwiro, aiwerenge ndi mutu. Kenako, osafufuta kanthu, anabwerera pa mzere woyamba ndi wachiwiri n'kuwonjezera mawu aafupi aja. Atayendetsa pulogalamuyo, sikirini inadzaza zofiira. Chala chawo chinapita chokha pa batani lofufutira, n'kuima m'malere. Makutu anali moto. Anawerenga zofiirazo mokweza, liwu ndi liwu, ndipo zinkangonena kuti pa mzere wachiwiri anatsegula mkutiramawu osautseka. Anautseka. 2 ndi 2. Inayankha kuti 4.

Ophunzira ena anayamba kuomba m'manja, koma analeka msanga, chifukwa Amake Mapasa anali atachoka pachitseko paja n'kufika patebulo.

"Ndiye kuti sizinali zala zanga?"

"Sizinali zala zanu."

"Sabata yonse ija, inu mukudziwa?"

"Ndikudziwa kuti si inu. Eya."

Mayiyo sanakweze mawu.

"Ana anga anamva dzina lija kwa mnzawo. Mpaka lero ndikati ndiwatume, amati tabwera, Mayi Twente-thu." Anapukuta manja pa yunifolomu. "Tasunthani, aphunzitsi."

Mayi Zala anaimirira, n'kumupatsa mpando wawo, umene wophunzira anali asanaukhalepo. Mayiyo anatsegula tsamba latsopano, n'kutayipa yekha ndi zala zake za zipsera, akusuzumira m'buku, milomo ikuyenda. Analemba 5 ndi 3. Inati 8. Anatulutsa foni, n'kujambula sikiriniyo kawiri, kuopa kuti chithunzi choyamba chagwedera.

"Malo anu alipobe, mayi," anatero Bwana Wamng'ono ali pakhomo. "Mawa bwerani."

"Mawa ndili ndi makatani a hotela, bwana." Anapinda maondo pang'ono, osayang'ana aliyense, n'kutsika masitepe.

Sanabwerenso. Mayi Zala ankapukuta okha tebulo lake lija m'mawa uliwonse mpaka teremu inatha, koma linakhala lopanda munthu. Anayambiranso kudutsa kutsogolo kwa shopu yochapira. Akaonana pawindo, mayiyo ankakweza simbi pang'ono ngati moni, n'kupitiriza kusita.

Madzulo a tsiku la phunziro lija Mayi Zala anauza Bwana Wamng'ono kuti afune mphunzitsi wodziwadi za mapulogalamu. Bwanayo anakanda m'mutu, nati mwina nayenso anafulumira, ndipo anawapempha kuti atsale aziphunzitsa kutayipa kokha monga kale.

"Monga kale sindingathenso, mwanawe," anatero. Aka kanali koyamba kumutchula choncho chikhalireni bwana.

Anatsiriza teremuyo akuphunzira limodzi ndi kalasi, tsamba ndi tsamba, zofiira zikutuluka pa sikirini yawo tsiku ndi tsiku anthu akuona. Sanazolowere. Nthawi iliyonse makutu ankatentha chimodzimodzi. Ophunzira anasiya kuwaopa, ndipo ena anasiyanso kuimirira akamalowa.

Tsiku lomaliza mng'ono wawo anabwera kudzawathandiza kunyamula katundu, koma katundu wake anali kapu, kansalu kophimbira manja ndi buku lobiriwira lija, limene Bwana Wamng'ono anati atenge. Mng'onoyo analoza dengu.

"Ili titenge, achemwali, ndiziikamo anyezi."

"Tenga."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, dzanja lochira lija litagwira chitsulo cham'mbali, mng'ono wawo ali patsogolo ndi dengu pamutu. Linali Lachisanu, pa 28 Julaye 2017.